Ndalama za nyengo zomwe timangomva pa wailesizi, munthu wa geni angazipeze kuti?

Nachisale_Ndirande

Moni nonse abale. Ndili ndi funso koma chonde ondiyankha ayankhe zomveka, osati chizungu cha ku ma workshop chija. Ine ndimapanga geni yophika pa Ndirande pano, nsima masana, tchipisi ndi mazira madzulo, komanso mandasi omwe ana amakasiya mmagolosale mmamawa asanapite ku sukulu. Moto wanga ndi makala basi. Magetsi alipo mnyumba koma mukudziwa nokha mmene amachitira, ukangotereka nyemba iwo azima, ndipo olo atakhalapo mayunitsi ake pa hotplate sungapirire. Nde makala nawo akwera zoti phindu lonse likungothera kwa amakala, thumba lake masiku ano makala abwino amangoyika pamwamba pokha, ukafika pansi ndi fumbi ndi timiyala.

Pa wailesi tsiku ndi tsiku timamva kuti anduna apita ku msonkhano wa za nyengo, mayiko olemera alonjeza madola mabiliyoni, kuli green finance, ati ndalama za ntchito zosawononga chilengedwe, aliyense akuyenera kufikiridwa ndi mabanki, Malawi ayamba kugulitsa kaboni. Chabwino. Ineyo zomwe ndikufuna ndi zochepa, masilinda awiri akuluakulu a gasi, chitofu cha mapuleti atatu, ndi ka sola koti kazitha kuyendetsa firiji magetsi akathawa coz nkhuku zimandiwonongekera. Nditapita ku banki ina mtauni muno anandiuza kuti ndibwere ndi chikole, mapepala a nyumba kapena blue book ya galimoto. Ine nyumba ndi ya lendi, galimoto ndiyitenga kuti? Ndalama zanga zimayenda pa Airtel Money ndi Mpamba komanso ku banki mkhonde, koma ku gulu kwathu chiwongola dzanja ndi 20 pa 100 pa mwezi, imeneyo ndi ngongole yokawodera mbatatesi nkubweza msanga, osati yogulira katundu woti abweze ndalama yake pakatha chaka.

Nde ndifunse, ndalama zimenezi zilipodi kapena ndi nkhani za pa wailesi chabe? Ngati zilipo zimadutsira kuti? China chomwe chimandizunguza mutu, ifeyo utsi wathu ndi wochuluka bwanji kuti mpaka tizinenedwa za makala pomwe mafakitale akuluakulu ali kwa eni ake konko?

BamboA_Tiya

Mayi Nachisale, ine ndimagwira ntchito yokongoza ndalama ku bungwe lina la microfinance ku Limbe, ndiye ndiyankha mbali ya ndalamayo, za utsi ena athandiza.

Ndalamazo zilipo, si bodza. Koma zimalowera pamwamba. Green Climate Fund, World Bank, African Development Bank, onsewa sakongoza munthu mmodzi mmodzi, amapereka ku boma, ku mabungwe a UN kapena ku makampani akuluakulu oti akhoza kulemba proposal ya masamba mazana ndi kulipira ma consultant. Zina mwa izo mukhoza kuziona ndi maso. Sola ya ku Salima ya 60 megawatt yomwe kampani ya JCM inatsegula mu 2021, ina ya ku Golomoti ya 20 megawatt yokhala ndi mabatire, damu la Mpatamanga pa Shire lomwe akuti lidzatulutsa magetsi opitilira 350 megawatt, zonsezo ndi ndalama zoterezi. Nde mukamva mabiliyoni pa wailesi ambiri ake amapita ku zinthu ngati zimenezo, ndipo sindikunena kuti nzolakwika, magetsi tikuwafuna. Kungoti zikamatsika kuti zifike kwa munthu wa geni zimakhala ngati madzi a pampopi kumtunda kwa Ndirande, amafika pakati pa usiku modontheza, ogona sawapeza.

Khomo lomwe munthu wamba walowerako kwenikweni ndi la sola yolipira pang'onopang'ono ija. Pansi pa pulojekiti ya World Bank yofikitsa magetsi kwa anthu panakhazikitsidwa thumba lotchedwa Ngwee Ngwee Ngwee Fund, limeneli limapereka ndalama kwa makampani a sola, makampaniwo nkumakupatsani katundu inu mukulipira pa foni sabata ndi sabata kapena mwezi ndi mwezi, mukaphonya ka bokosi kaja kamazima kokha mpaka mutalipira. Chikole chake ndi katundu yemweyo. Njira imeneyi inatchuka ku Kenya, M-Pesa itayamba mu 2007 kenako kunabwera a M-KOPA, ndipo apa mpomwe pamakumanira nkhani ziwiri mwafunsazo, kufikira anthu ndi ndalama komanso kuchepetsa utsi. Popanda ndalama ya pafoni palibe kampani ingayende khomo ndi khomo kutolera ma K2,000. Vuto ndi loti ma sola ambiri a mtunduwu ndi a mababu, kutchaja foni, wailesi, pena TV. Firiji ya geni imafuna mapanelo akulu, batire yamphamvu ndi inverter, mtengo wake ndi wina.

Tsopano bwanji banki ikukukanani? Musaone ngati amadana nanu. Mu 2024 Reserve Bank inakweza policy rate, chiwongola dzanja chomwe iyo imakongozera mabanki, kufika pa 26 pa 100, ndiye banki iliyonse poyambira pake panali chapompo, kenako nkuwonjezapo zake. Komanso boma limabwereka kwambiri ku mabanki omwewa kudzera mu ma treasury bill, mapepala omwe boma limagulitsa pobwereka ndalama kwa nthawi yochepa. Inuyo mutakhala manijala wa banki, mbali ino kuli boma lomwe likulipirani chiwongola dzanja chonona popanda kulithamangitsa, mbali inayi kuli mayi wa mandasi wa nyumba ya lendi yemwe akhoza kusamuka usiku, mungasankhe ndani? Nchifukwa chake chaka ndi chaka mumamva mabanki alengeza phindu la mabiliyoni pomwe a geni akulira mpamba.

Ndipo pali china chomwe anthu ambiri sachiona. Ndalama za nyengozi zimabwera mu madola. Kampani ya sola ikhoza kukongola kunja pa chiwongola dzanja chotsika bwinobwino, koma iyo ikugulitsa kwa inu mu makwacha. Mu November 2023 Kwacha inagwa ndi 44 pa 100, dola kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 tsiku limodzi. Ndiye kuti pa madola 100 aliwonse omwe kampaniyo inakongola, dzulo lake imafunika kutolera K118,000 kuti ibweze, mmawa mwake K170,000, pomwe makasitomala akulipirabe mtengo wakale womwe anasainira. Chaka cha 2022 mu May inali itagwanso kale ndi 25 pa 100. Aliyense wobwereka madola anaphunzirapo, panopa mantha amenewo amawaphatikiza mu mtengo womwe amakutchajani inuyo. Dola yotchipa ija pofika mmanja mwanu yasanduka ngongole yodula, ndipo palibe waba, yangothera mnjira.

Anzathu ena anayamba kuzizemba pobwereka kwawo komwe mu ndalama yawo. Nigeria inatulutsa green bond ya boma, pepala lobwerekera ndalama za ntchito zosawononga chilengedwe, mu December 2017 mu naira, ku Kenya kampani ya Acorn inatulutsa yake mu 2019 yomangira ma hostel a ana asukulu, ku Tanzania banki ya CRDB inatulutsa Kijani Bond mu 2023. Ifenso Malawi Stock Exchange ili pompano pa Victoria Avenue ndipo ndalama za penshoni zikuchuluka chaka ndi chaka kusowa kolowera, koma boma likamapereka chiwongola dzanja chokwera chonchija ndani angaike ndalama yake mu bond ya mbaula ndi gasi?

Aise_wa_Kabaza

Kkkkk nkhani iyi ikundiseketsa amwene. Akuti tikafikiridwa ndi ndalama utsi uchepa? Ine kale ndimapalasa njinga yakapalasa, utsi ziro, thukuta lokhalokha. Nditalowa gulu nkupeza ngongole chinthu choyamba ndinagula njinga yamoto, pano ndikufukiza kuyambira Mbayani, Chemusa mpaka Kameza tsiku lonse. Anzanga onse pa siteji ndi chimodzimodzi. Munthu wosauka akapeza ndalama sagula mtengo wodzala aise, amagula injini, chigayo, ka Sienta, jenereta ya pa barbershop. Nde asatinamize.

Koma ndisaname, atandibweretsera njinga ya batire ngati zomwe a kabaza anzathu akuyendera ku Kigali ndi ku Nairobi, zoti batire ikatha umangokasinthitsa pa siteshoni nkutenga yodzadza, ine mawa lomwe ndasintha. Osati chifukwa cha chilengedwe ayi, chifukwa chogona pa mzere wa petulo. Tsiku lomwe uli pa filling station ndi tsiku loti sunagwire ntchito koma ngongole ikuwerengabe. Funso nkumati mabatirewo azitchajidwa ndi magetsi ake ati.

Nambewe_Zingwangwa

Achemwali a Nachisale, ine ndiyankhe za kaboni zo chifukwa ndinagwirapo ntchito yogawa mbaula mmidzi ya ku Lunzu, Lirangwe mpaka kumalire ndi Neno, pansi pa kampani ina yomwe sinditchula.

Zimayenda chonchi. Carbon credit imodzi ndi tani imodzi ya mpweya wa kaboni yomwe akuti sinapite mmwamba chifukwa cha ntchito ina yake. Mayi akamaphika pa mafuwa amatentha nkhuni zambiri, mukampatsa mbaula yosunga moto ngati Chitetezo ija ya dothi amatentha zochepa, kusiyana kwakeko amakuwerengera mu matani, bungwe lotsimikiza ngati Verra kapena Gold Standard nkudinda, kenako kampani ya ndege kapena ya mafuta ku Ulaya nkugula kuti izinena kuti utsi wake yaufafaniza. Ndiye mbaula yomwe mumati yaulere ija si yaulere, imalipiridwa ndi utsi womwe mayi uja wasiya kutulutsa.

Ntchito yathu inali yotani? Timafika pakhomo, kulemba dzina ndi nambala ya chitupa cha unzika, kujambula GPS ya nyumba pa foni, kujambula mayiyo ataima pafupi ndi mbaula, kenako adinde chala pa fomu. Mu fomumo muli chiganizo choti ufulu wonse wa kaboni wochokera pa mbaulayi waupereka kwa kampani. Timawawerengera inde, koma tanenani, agogo a ku Lirangwe mukawauza kuti mukupereka ufulu wa kaboni amva kuti chani? Iwo amangoti zikomo mwana wanga. Mbaula ndi ya ndalama zochepa, koma ma credit ake kampani imakolola chaka ndi chaka kwa zaka zingapo, mu madola.

Nde pobwerera kukayendera mpomwe umaona zenizeni. Pena umapeza mbaula ikugwiradi ntchito, mayi akuyamikira kuti mtolo umodzi ukumukwanira masiku ambiri ndipo maso sakuwawanso. Koma pakhomo pena umapeza mbaula ili pakona ya khitchini, mkati mwake aikamo tiudzu nkhuku ikukhalira mazira, mafuwa atatu ali pakati moto uli lawilawi, ukafunsa akuti mphika wa nsima ya anthu khumi sukhazikika bwino pa mbaulapo, komanso nyengo yozizira ana amafuna kuwotha. Ambiri amagwiritsa zonse ziwiri, ndiwo pa mbaula nsima pa mafuwa. Koma pa pepala zimakomera aliyense kulemba kuti banja lasiyiratu mafuwa.

Zimenezi zinaphulika ndithu. Kumayambiriro kwa 2024 ofufuza a ku University of California, Berkeley anatulutsa zoti ma credit a mbaula omwe anawaunika anali okokomezedwa pafupifupi ka 9. Chaka chomwecho mu October boma la America linatsegulira mlandu wa chinyengo Kenneth Newcombe, yemwe anali mkulu wa C-Quest Capital, kampani yomwe inagawa mbaula zambiri kuno ku Malawi ndi maiko ena, pa nkhani yosintha manambala kuti ma credit achuluke. Iye amakana mlanduwo, ndipo si kampani yomwe ine ndinali. Ku Zimbabwe nakonso pulojekiti ya nkhalango ya Kariba inagwedezeka mu 2023 pa nkhani zangati zomwezi. Zikatere ogula amachita mantha, mitengo imagwa, ovutika ndi omwe amagwira ntchito moona.

Boma linakhazikitsa Malawi Carbon Markets Initiative mu 2023, ndipo pansi pa Article 6 ya mgwirizano wa za nyengo wa ku Paris maiko akhoza kugulitsana ma credit boma ndi boma. Ine sindikutsutsa malondawo. Chomwe ndimafunsa nchoti, poti nambala ya foni ya mayi uja tinalemba kale, GPS tili nayo, chitupa tili nacho, chikuvuta nchani kuti credit ikagulitsidwa kagawo kake kazilowa pa foni yake? Mtukula pakhomo akutha kulandilira pa foni mmaboma ena, nde njira ilipo kale. Imeneyo ndiye ingakhale kufikira anthu ndi ndalama kwenikweni, osati kungowatsegulitsa akaunti yomwe mulibe kanthu.

Kwa inu achemwali, munthu wophika tsiku lonse ngati inu ndinu kasitomala wonona kwa anthu a kaboni kuposa banja wamba, chifukwa makala omwe mumatentha pa sabata ena amatentha pa miyezi. Akabwera ndi mbaula yotsika mtengo kapena ya ma pellet, timibulu ta utuchi kapena zotsalira za mbewu topanikiza, musakane, koma fomu muwerenge mofatsa ndipo mufunse kuti ikawonongeka akonza ndani, komanso ma pellet wo akadzasowa mudzaphikira chani.

Nachisale_Ndirande

Eee a Nambewe mwanditsegula maso, mayi anga kumudzi ku Chiradzulu anadindanso chala chomwecho ndipo mbaulayo anaisandutsa poyikapo ndowa. Bambo a Tiya zikomo, koma ndiye mukutanthauza kuti ine ndingokhala pa makala mpaka Kwacha idzalimbe? Ndidzakhala nditakalamba kaye.

Eng_Chichiri

Mayi, funso lanu lomaliza lija la utsi palibe waligwira bwino, ndiye ndilowepo.

Mukunena zoona. Mmalawi mmodzi pa chaka amatulutsa mpweya wa kaboni wochokera ku mafuta ndi mafakitale pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a tani. Munthu wa ku America ndi matani cha mma 14, wa ku China cha mma 8, wa ku India cha mma 2. Africa yonse pamodzi siifika 4 pa 100 ya dziko lapansi, pomwe China yokha ili pafupi ndi gawo limodzi mwa atatu. Ndiye a kabaza musadandaule, olo aliyense pa siteji panu atagula njinga ziwiri, dziko silingamve kutentha kwake. Mwanenazo nzoona, anthu akayamba kupeza ndalama utsi umayamba wakwera kaye. Ku China ndi ku India zinayenda choncho, anthu mamiliyoni anatuluka mu umphawi pa magetsi a malasha. Nkhondo yeniyeni ya utsi ili kumeneko, ku maiko omwe akukwera mwachangu, India, Indonesia, Vietnam, South Africa, kuti magetsi omwe akuwonjezera achokere ku dzuwa ndi mphepo osati malasha.

Ndipo ngakhale iwowo akulira ndi zomwe akulira Mayi Nachisale. Pa msonkhano wa za nyengo wa ku Glasgow mu 2021 South Africa inalonjezedwa madola 8.5 biliyoni kuti kampani yawo ya magetsi ya Eskom iyambe kusiya malasha, atayang'anitsitsa anapeza kuti zambiri ndi ngongole, zaulere ndi kachigawo kochepa, ndipo mu 2025 America inatulukamo. Lonjezo la ku Copenhagen la 2009 loti maiko olemera azipereka madola 100 biliyoni pa chaka pofika 2020 linakwaniritsidwa mochedwa, mu 2022, zambirinso zili ngongole. Ku Baku mu 2024 anakweza kufika pa 300 biliyoni pofika 2035, maiko osauka anatuluka akung'ung'udza kuti nzochepa. Thumba lolipira zowonongeka ndi nyengo lomwe anatsegula ku Dubai mu 2023 malonjezo ake oyamba anali madola cha mma 700 miliyoni, la dziko lonse lapansi limenelo, pomwe kafukufuku wa boma pambuyo pa namondwe Freddy anati Malawi yekha akufunika pafupifupi 680 miliyoni kuti akonze zomwe namondwe mmodziyo anawononga.

Pali kena koseketsa. Ife tinkafuna kumanga siteshoni ya malasha ya 300 megawatt pa Kam'mwamba ku Neno ndi ndalama za ku China, inakhala pa mapepala zaka ndi zaka, kenako mu September 2021 mtsogoleri wa China Xi Jinping analengeza ku UN kuti China yasiya kumanga masiteshoni a malasha kunja. Ndiye green finance imagwiranso ntchito chotero, sikuti imangokupatsa ndalama ya zoyera, imakutsekeranso ndalama ya zakuda, iwe usanafike nkomwe pomwe anzako anadyerera.

Koma mayi pamene ndikusiyana nanu ndi apa. Nkhani ya makala kwa ife a mu Blantyre musaiyeze ndi utsi wa ku China, iyezeni ndi Shire. Magetsi athu ambiri amachokera pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira, madzi ambiri omwe timamwa mtauni muno amapopedwa pa Walker's Ferry, zonsezo mtsinje umodzi. Makala omwe amalowa mtauni pa njinga kudzera msewu wa Zalewa amachokera ku Neno, Mwanza ndi madera omwe mitsinje yake imathira mu Shire momwemo. Mitengo ikatha dothi limatsetsereka, limakadzadza pa damu, makina amachepa mphamvu, magetsi azima, inu mugulanso makala ambiri, wamakala adulanso mitengo ina. Namondwe Ana atagumula Kapichira mu January 2022 tinataya pafupifupi 130 megawatt kwa nthawi yoposa chaka, mukukumbukira mmene zinalili. Yang'anani phiri la Ndirande lomwe mwakhala pansi pakelo, akuluakulu amati munali nkhalango yowirira, pano ndi miyala ndi minda. Michiru naye akupita tikuona. Nde chifukwa chosiyira makala tili nacho chathuchathu, kuphatikizapo mapapo anu omwe akupuma utsi umenewo kuyambira mbandakucha. Kungoti bilu yake sikuyenera kugwera inu nokha.

AgogoA_Chilobwe

Ana anga ndawerenga zonse, mdzukulu ndi amene akundilembera. Ine ndine wapampando wa gulu la banki mkhonde kuno ku Chilobwe, kumunsi kwa Soche. Za mabiliyoni ndasiyira inu ophunzira, ine ndinena zomwe tinaona pa namondwe Freddy mu March 2023.

Matope atatsika mphiri usiku uja sanatenge nyumba ndi anthu okha. Magulu ambiri kuno ndalama zimakhala mu bokosi la maloko atatu kunyumba kwa msungichuma, makiyi kwa amayi atatu osiyana, kaundula momwemo. Mabokosi ena anapita ndi madzi, ndalama ndi mabuku omwe. Gulu loyandikana nafe linatsala ndi makiyi okha. Ndipo olo bokosi lipulumuke, ndalama zambiri za gulu sizikhala mu bokosi, zimakhala mmanja mwa mamembala ngati ngongole, nde munthu waika maliro a ana ake, akugona pa kampu ku sukulu, katundu wa geni wapita, mukamuuza kuti bweza? Chaka chimenecho magulu ambiri sanagawane, ena anathera pomwepo. Omwe ankasungako zina pa foni kapena ku SACCO ndi omwe anadzuka msanga, chifukwa foni ikapita nambala umakabwezeretsa ndi chitupa ndalama nkuzipeza. Ife kuchokera pamenepo timagawa, zina pa foni zina ku akaunti, ngakhale zodula potapa zimatipweteka.

Ndiye a injiniya mukamati ndalama za nyengo, ine ndimaganiza kuti zikanayambira pamenepa, ka inshuwalansi ka magulu koti tsoka lotere likagwa ngongole za anthu zifafanizidwe gulu lisafe. Tinalandira ufa, mabulangete ndi ndowa, tikuthokoza, koma mpamba wa amayi palibe anaubweza.

Komanso musamunyoze wamakala. Mnyamata amene amakankha njinga ya matumba atatu usiku wonse kuchokera ku Neno, kuzemba a zankhalango pa roadblock, sachita chifukwa chokonda. Lamulo analikhwimitsa mu 2020, akagwidwa njinga imalandidwa, mawa akabwereka ina chifukwa kwawo chimanga sichinabereke ndipo palibe amene angamukongoze olo ka pampu kothirira dimba. Inu nonse mukasamukira ku gasi iyeyo adya chani? Nayenso muwerengereni mu ndalama zanuzo.

Tsopano iwe Nachisale mwana wanga, za silinda usatengere ngongole ya 20 pa 100, udzalira. Ife kuno tinapanga chipereganyu chapadera pambali pa masheya, amayi khumi, aliyense amasonkha mofanana mwezi uliwonse, wolandira sapatsidwa ndalama mmanja ayi, timapita naye awiri kukagula silinda ndi chitofu, risiti nkubwera nayo ku gulu. Palibe chiwongola dzanja. Choipa chake nchoti womaliza amapeza mitengo itakwera, nde tinagwirizana kuti zikakwera tonse tiwonjezere kuti asapsinjike yekha. Amene ali ndi geni yophika timamuika kumayambiriro chifukwa iye ndi amene makala akumudya kwambiri.

BamboA_Tiya

Agogo anena zanzeru kuposa ife a ma tayi. Mayi Nachisale sindikuti mudikire Kwacha, ndikuti mugawe zinthuzo pawiri. Gasi ndi chitofu pitani njira ya agogoyi, kapena SACCO ngati muli membala, chifukwa kumeneko amayang'ana masheya anu ndi anzanu okuikirani umboni osati mapepala a nyumba. Muyambe ndi silinda imodzi, ndipo mbaula ya makala musataye, gasi amachokera kunja ndiye madola akasowa nayenso amasowa kapena kukwera. Musanagule chitani masamu a sabata imodzi, lembani mu kope ndalama yomwe yapita ku makala tsiku lililonse, kenako mufunse anzanu ophikira gasi kuti makilo angati amawathera pa ntchito ngati yanuyo. Tchipisi ndi mandasi pa gasi zimayenda bwino chifukwa moto umauchepetsa kapena kuuzimitsa pomwe kulibe kasitomala, pomwe makala amangonyeka olo chiwaya chili chopanda kanthu. Nyemba zokha zisiyeni pa makala.

Za sola ya firiji ndiye yendani mmakampani angapo. Musafunse kuti pa mwezi ndi zingati, funsani kuti ndikamaliza kulipira ndidzakhala nditapereka zingati zonse pamodzi, ndipo mtengo wa cash ndi zingati, kusiyana kwakeko ndiye chiwongola dzanja chenicheni olo iwo asachitchule dzina. Funsaninso ngati ndalama ya pamwezi ingasinthe Kwacha ikagwa, ayankhe polemba osati pakamwa, komanso batire ikafa chaka chachiwiri ndi ya ndani. Pa ma sola batire ndi yomwe imayamba kufa.

Nachisale_Ndirande

Zikomo agogo, Lachiwiri gulu lathu likukumana ndikayitula nkhani ya chipereganyuyi, ndikudziwa amayi atatu a zophikaphika omwe angalowe mosavuta. Bambo a Tiya, nanga zoti ndalama zanga zimayenda pa foni zingandithandize pena pake ngati umboni, kapena amangofuna statement ya banki basi?

BamboA_Tiya

Zimathandiza, ife timalandira, ma SACCO ena ndi makampani a sola nawonso amayang'ana. Pitani ku shopu ya kampani ya foni yanu ndi chitupa mukapemphe statement ya miyezi ingapo yapitayi. Koma kuyambira pano ndalama za geni zizilowa pa nambala imodzi, za pakhomo ndi za ma fees pa ina, chifukwa zikasakanikirana woona ngongole sangadziwe kuti geni ikupanga zingati. Ndipo ngati muli ndi tingongole ta pafoni tomwe simunabweze, olo ka K5,000, katsekeni kaye musanapite, mayina amapita ku credit bureau, bungwe losunga mbiri ya ngongole za anthu, ndipo timayamba kuyang'ana kumeneko.